Galimoto Yopinda ya Mfumu Mwadyanji

Ufumu wa Tidzaona musaufune pa mapu, mungodzipweteka maso. Munthu amene ankajambula mapu anafika pamalire, anamuuza kuti kalata yolowera ituluka mawa, ndipo mpaka lero akadali pa benchi. Koma ufumuwo ulipo ndithu, ndipo uli ndi lamulo limodzi lokoma, loti ukangolimva umafuna kumanga katundu n'kusamukirako. Lamulolo limati: chilichonse chowonongeka chimene maso a Mfumu achiona, chikonzedwe pasanathe sabata.

Mwamva kukoma kwake? Eya. Ndiye chifukwa chake ku Tidzaona kuli unduna wathunthu, wa maofesi makumi atatu, wotchedwa Unduna Woona za Maso a Mfumu. Ntchito yake ndi imodzi basi, kuonetsetsa kuti Mfumu isaone kanthu. Nduna yake inali a Phimbani, bambo wamfupi wa thukuta losatha, amene ankavala jekete lalikulu ngati tenti. Akangoona dzenje pamsewu ankalitambasula pamaso pa Mfumu, amvekere, "Fumbi, Mwinidziko, fumbi!"

Mfumu Mwadyanji Wachisanu sinali yoipa mtima, ayi. Inangokula isanaonepo chinthu chothyoka. Mbale ikasweka kunyumba yachifumu, ankaiuza kuti mbaleyo yapita kutchuthi. Maenje a m'misewu atachuluka kuposa jekete la a Phimbani, anaigulira ndege yakeyake, poti kumwamba kulibe maenje. M'mawindo a ndegeyo anamatamo zithunzi za minda yobiriwira, moti Mfumu inkanyadira kuti chimanga cha m'dziko lake chimachita ngaiyaye ngakhale m'chilimwe.

Vuto linali pansi. Ndege ikatera kumaboma, kuchoka pamakwerero kukafika pansanja yolankhulira pankafunika mapazi mazana awiri. Magalimoto akuluakulu a kulikulu sankafikako chifukwa cha misewu ija, imene mwa lamulo inali yabwinobwino popeza Mfumu inali isanaione. Tsono munthu woyenda wapansi amamwazamwaza maso. Tsiku lina Mfumu inatsala pang'ono kuona chimbudzi cha pasukulu chopanda denga, ndipo a Phimbani sanadye masiku awiri.

Nduna zitakumana, zinagwirizana zoitanitsa kunja chinthu chatsopano, galimoto yopinda. Ankati ndi yopepuka ngati mwana wa mbuzi, ukaipinda imakhala ngati sutikesi, ndipo imalowa pansi pa mpando wa m'ndege. Ndege ikatera, mwaitambasula, Mfumu yakwera, vuu, yafika pansanja isanaone kanthu.

Katunduyo anafika ndi malipenga. Atatsegula bokosi anapeza sutikesi yasiliva, kathayala kamodzi katasuzumira pambali. Pamwamba pake panali kabuku ka malangizo. Apa mudziwe mwambo wina wa ku Tidzaona: nduna sinena mawu oti "sindikudziwa." Imene yawanena imavula nsapato zaboma pomwepo n'kubwerera kwawo chosavala. Tsono kuwerenga kabuku pagulu n'chimodzimodzi kuwanena mawuwo. Kabuku kaja anakapinda pawiri n'kuchirikizira mwendo wa tebulo limene linkagwedera.

Mkulu wa Asilikali anailoza sutikesiyo ndi mfuti n'kuwerenga mpaka katatu. Siinatseguke. Nduna ya Zaulimi inati aithirire madzi m'mawa ndi madzulo, mwina iphuka. Nduna Yofalitsa Nkhani, munthu wosachedwa, inalengeza pa wailesi kuti galimoto yatseguka kale ndipo ikuyenda bwino kwambiri. Patatha masabata atatu Mfumu inafunsa kuti kodi galimoto yakenso yapita kutchuthi, ndipo nduna zonse zinayamba kuyang'ana nsapato zawo mwachisoni.

M'mawa mwake panatuluka chilengezo chakuti aliyense amene ntchito yake ndi yopindapinda akaonekere kulikulu. Atelala, ogulitsa mphasa, ochapa zovala, opanga samusa, onse.

Chilengezocho chinafikanso pamsika wa Pirirani, m'mphepete mwa mtsinje wa Dikirani. Pakhonde la sitolo ina pankakhala mai Dorika Nasimango, okonza maambulera, mayi wa mawu ochepa ndi zala zolimba ngati pulayala. Kwawo kunali kutsidya kwa mtsinje. Mlatho wa pa Dikirani unagwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo, moti m'mawa uliwonse ankawoloka madzi akulekeza m'chiuno, chitini cha zipangizo chili pamutu. Mkamwini wawo, a Likisho, ndiye ankabereka anthu kumsana kuwawolotsa, koma mkamwini angabereke apongozi ake? Mwamvapo kuti? Akangowaona akubwera ankatembenuka n'kumayang'ana bango.

"Akuti galimoto yopinda," anatero a Likisho pamsikapo, akufinya kabudula. "Ine msana wanga unapindika kalekale, koma palibe amene anandiikapo m'ndege."

Anthu anaseka, koma mai Nasimango sanaseke. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Esinta, mkazi wa a Likisho, anali woyembekezera, ndipo masiku ake anali a mu Disembala, mvula itakhwima. Chipatala chili tsidya la kumsika. M'dzinja Dikirani amakokolola ndi ng'ombe zomwe. Chaka chatha mnansi wawo anachirira pamchenga, denga la chipatala akuliona ndi maso, ndipo mwanayo sanalire. Mai Nasimango akaganiza zimenezi, singano inkawabaya chala osamva n'komwe. Choncho lole yaboma itabwera, anakwera asanakankhidwe.

Kulikulu anawaika pamzere. Telala anafunafuna msoko, osaupeza. Wa samusa anatsina makona onse anayi n'kupempha mafuta otentha, ndipo anamutulutsa. Kenaka inafika nthawi ya mai Nasimango. Anagwada, anaizungulira sutikesiyo chokwawa, n'kupisa chala kunsi kwake.

"Aa, zimene mukuvutika nazozi?" anatero. "Iyitu ndi ambulera ya matayala."

Anadina kachitsulo kena kakang'ono ngati chikhadabo. Thaa! Sutikesi inatambasuka, chiwongolero chinatumphuka n'kumenya Mkulu wa Asilikali pachibwano. Pakati pa bwalo panaima kagalimoto ka matayala atatu, mpando umodzi, kolekeza m'chiuno, kopanda denga. Anadinanso kachitsulo kaja, khapa, kanabwerera kukhala sutikesi.

Mfumu inaomba m'manja ngati mwana. "Mayi, pemphani chilichonse chimene mtima wanu ukufuna!"

"Mlatho wa pa Dikirani, Mwinidziko. Unagwa."

Mfumu inacheukira a Phimbani. "Kodi milatho imagwa?"

"Ayi, Mwinidziko. Umenewo uli kutchuthi."

"Chaka chachisanu ndi chiwiri chino," anatero mai Nasimango.

"Unagwira ntchito nthawi yaitali," anayankha a Phimbani, thukuta lili kamukamu. Atawakokera pambali anawanong'oneza: "Mayi inu, lamulo limanena za maso. Makutu mulibemo. Mukhoza kuiuza Mfumu mpaka kusasa mawu, ine sizindikhudza. Koma kuona, iwalani."

M'malo mwa mlatho anawapatsa chipewa cha nthenga ndi udindo wa Mpindi Wamkulu wa Ufumu. Analembanso lamulo lakuti munthu wina aliyense asakhudze galimoto ya Mfumu, kupatula Mpindi yekha. Nduna zinalivomereza mwachangu lamuloli, poti linkawapulumutsa nsapato.

Kumapeto kwa Okutobala Mfumu inakonza zokacheza ku Pirirani komweko, kukatsegulira chikwangwani cholembedwa kuti CHITUKUKO CHAFIKA. Bwalo la ndege la kumeneko lili pamwamba pa chitunda, msika uli m'munsi, ndipo msewu ukapitirira msika umathera pamene panali mlatho. A Phimbani anafika masiku atatu Mfumu isanafike. Analanda zitenje zonse za pamsika n'kumanga mpanda uku ndi uku, kuyambira pamene ndege idzaime mpaka pansanja. Amayi a pamsika anangoti, "Chitukuko chafikadi, chayambira m'chiuno mwathu."

Komabe mtima wa a Phimbani sunakhazikike. Galimoto ilibe denga, ilibe mawindo omatapo zithunzi. Nanga Mfumu ikasolola khosi? Ndiye analamula kuti ambulera yachifumu, chiambulera cha mphonje zolendewera chokwana banja lonse ndi alendo omwe, imangiriridwe kumpando wa galimotoyo.

"Bwana nduna," anatero mai Nasimango, "kagalimotoka n'kopepuka, ndipo kwathu kuno mwezi uno ndi wa kamvuluvulu."

"Mphepo tailembera kalata. Inu mangani."

Ine sindikunena kuti mai Nasimango anali ndi maganizo ena, ayi. Ndikungonena kuti ambulera yakale ikakumana ndi mphepo imapindikira m'mwamba n'kutha mphamvu, ndipo iwo, monga mmisiri wonyadira ntchito yake, sanafune manyazi amenewo. Nthiti zonse za ambulerayo anazilimbitsa ndi masipoko anjinga, awiriawiri, n'kuimangirira kumpando ndi waya wa mpanda. Chenjezo anali atapereka kale. Ntchito yabwino ngati imeneyo sinaonekenso ku Tidzaona.

Tsiku linafika. Dzuwa lili paliwombo ndege inatera, mai Nasimango anadina kachitsulo, thaa, anamangirira ambulera, Mfumu inakhala pampando. Oimba malipenga anauzidwa kuti azitsata galimoto kulikonse kumene ipite, osasiya kuimba. Mfumu isanakhudze n'komwe chiwongolero, kuseri kwa ndege kunatulukira kamvuluvulu. Zikuoneka kuti kalata ija anali asanailandire.

Ambulera inafufuma. Kagalimoto kananyamuka ngati nkhuku yothawa mpeni. Pamene mpanda wa zitenje unakhota kulowera kunsanja, iko sikanakhote, kanauboola n'kutsetsereka chitunda, chitenje cha mai wina chikukupiza kumbuyo. Kanadutsa pakati pa msika, tomato uko, usipa uko, agalu akuuwa. Kumbuyo kwake asilikali ali liwiro, kumbuyo kwa asilikali a Phimbani atatambasula jekete, ndipo kumbuyo kwenikweni oimba malipenga, akupuma mwabefu koma nyimbo osaisiya, poti lamulo ndi lamulo.

Pamene msewu unathera, thayala lakutsogolo linagunda mwala, mwalawo unakankha kachitsulo kaja, khapa! Galimoto inadzipinda Mfumu ili momwemo. Ambulera inaduka n'kuulukira kutsidya, yokhayo ndiye inawoloka osanyowa. Pamchenga panatsala sutikesi yasiliva, mutu wa Mfumu uli kunja, mawondo ali m'makutu, nkhope italoza mtsinje. Kutembenuza khosi sinkatha. Sinavulale, inangokhala ngati nkhuku ya m'dengu.

A Phimbani anafika n'kutambasula jekete. "Fumbi, Mwinidziko, fumbi!"

"Tachotsani chinsanza chanucho," inatero Mfumu. "Itanani Mpindi."

Asilikali anaima mozungulira, manja kumbuyo, poti kukhudza galimoto kunali koletsedwa. Tsono Mpindi Wamkulu anali adakali pachitunda. Mai Nasimango ndi munthu woleredwa bwino, sadutsa munthu osamupatsa moni. Anatsika pang'onopang'ono. Wa tomato anamupepesa n'kumuthandiza kutola. Wa usipa anamufunsa za mwendo wa amuna ake. Mai wa chitenje chija anamuthandiza kuchifunafuna. Ulendo wa mphindi khumi unatenga ola lathunthu, ndipo ola lonselo maso a Mfumu anali pa Dikirani.

Inaona zipilala ziwiri zothyoka, nthambi zouma zitakodwa pamenepo. Inaona anthu akuwoloka njinga zili pamutu. Inaona a Likisho atabereka mphunzitsi wa tayi, nsapato zake zili m'manja. Kenaka inaona mayi wamng'ono akubwera m'madzi mwapang'onopang'ono, dzanja lina litagwira kabuku pamutu, lina litachirikiza mimba, madzi akumukankha, iye akuponda mofufuza. Anali Esinta. Atatuluka m'madzi anaona mutu pa sutikesi, ndipo monga mwa ulemu anagwada.

"Mayi, mumasamba ndi zovala?" inafunsa Mfumu.

"Ayi, Mwinidziko. Ndikupita ku sikelo."

"Nanga osadzera pamlatho bwanji?"

A Likisho anatsitsa mphunzitsi uja n'kuvula chipewa. "Timamva kuti uli kutchuthi, Mwinidziko. Sunalembeko ngakhale kalata."

Mfumu inayang'anitsitsa madzi akutsika m'diresi la Esinta. Oimba malipenga nawo anali atafika, koma mpweya unali utawathera. Ndiye m'kachetechete ameneyo Mfumu inanena mawu amene sanamvekepo ku Tidzaona chiyambire ufumu wake.

"Ndaona."

A Phimbani anakhala pansi pamchenga wonyowa osayala kanthu. Mai Nasimango anafika, anapereka moni kwa asilikali mmodzimmodzi, n'kudina kachitsulo.

Sabata ndi masiku asanu ndi awiri basi, ngakhale ku Tidzaona. Nduna zinakhala pansi kulikulu mitu itatentha. Mlatho wa simenti sungathe pa sabata, ndiponso simenti imene inagulidwa zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo inali itasanduka kale mipanda ya nyumba zina zimene sinditchula. Nduna ya Zaulimi inati adzale mitengo tsidya ndi tsidya, nthambi zikakumana anthu azikwera. Nduna Yofalitsa Nkhani inalengeza kuti mlatho wamangidwa kale. Koma a Phimbani, amene nzeru zimawabwerera akamatuluka thukuta, anaimirira. Anthu amene anapanga galimoto ija, anatero, amapanganso milatho yopinda.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi ndege inatera ku Pirirani ndi masutikesi akuluakulu khumi ndi awiri. Lamulo la Mpindi analikuza kuti likhudzenso milatho. Mai Nasimango anagwira ntchito tsiku lonse, akulumikiza, akudina, thaa, thaa, thaa, mpaka mlatho wasiliva unagona pa Dikirani kuchoka tsidya lino kufika tsidya lija. Unali wopapatiza, koma ngolo inkadutsa. Tsiku lachisanu ndi chiwiri Mfumu inadula riboni, inawoloka wapansi, inabwerera, inati "Ndaona" kachiwiri, n'kukwera ndege. Anthu anavina pamlatho mpaka fumbi koboo. A Likisho anawongola msana, unalira ngati nsungwi.

Ndege isanazimiririke n'komwe m'mitambo, a Phimbani anawomba m'manja. "Chabwino, mwambo watha. Tsikani nonse. Mpindi, pindani."

Ng'oma zinaleka.

"Tipinde chiyani, bwana?" anafunsa mai Nasimango.

"Mlathowu. Ndi katundu wa Mfumu. M'dziko muno muli mitsinje makumi anayi ndi iwiri imene milatho yake ili kutchuthi. Umodzi wopindawu ukwanira yonseyo, bola uzifika Mfumu isanafike. Lamulo linati chikonzedwe, silinati chikhalitse. Fulumirani, ndege ibweranso mawa kudzautenga."

Abale inu, pali anthu ena ukawamva akulankhula umalakalaka utawaponya mumtsinje, n'kuwauza kuti mtunda uli kutchuthi. Esinta anangogwira mimba n'kuyang'ana mayi ake. Anthu onse anayang'ana mai Nasimango.

Iwo anati, "Chabwino, bwana," n'kukonza chipewa chawo cha nthenga. Analowa kunsi kwa mlatho. Anthu anamva kugogoda. Anatuluka, anapempha mafuta, analowanso. Anakoka apa, anakankha apo, anabuula, anapempha madzi akumwa. Dzuwa litapendeka anatuluka akupukuta manja.

"Wakana, bwana."

"Wakana bwanji?"

"Maambulera amatero. Ena amakana kutseguka, amenewo timakonza. Koma pali ena amakana kutseka. Zaka makumi awiri ndili pakhonde paja, okana kutsekawo ndimawadziwa bwino." Anaima kaye, n'kukweza mawu kuti msika wonse umve. "Kapena bwana, poti ndinu nduna, mukudziwa chimene chavuta?"

A Phimbani anatsegula pakamwa. Anayang'ana anthu. Anayang'ana nsapato zawo zaboma, zakuda, zonyezimira, ndi msewu wa minga wopita kwawo.

"Ndikudziwa," anatero. "Ndikudziwa bwino lomwe. Koma nkhani yotere imafunika komiti."

Komitiyo inakhazikitsidwa, ndipo ndikumva kuti ikukumanabe Lachiwiri lililonse. Inagwirizana kale za mtundu wa mabisiketi. Kabuku ka malangizo a mlatho kakuchirikiza mwendo wina wa tebulo lija, moti pano siligwederanso.

Mvula inayamba molawirira chaka chimenecho. Tsiku lina m'mamawa mu Disembala, Dikirani atadzaza mpaka m'bango, akugubuduza mitengo yathunthu, a Likisho anakankha njinga pamlatho, Esinta ali pakaliyala akuluma chitenje, mai Nasimango atamugwira kumsana. Mlatho unkanjenjemera, koma anawoloka. Dzuwa lisanafike pamutu, m'chipatala munamveka kulira kwa mwana wamkazi, kulira kwamphamvu koti a Likisho panja anakhala pansi n'kuyamba kulira nawo.

Pomusambitsa tsiku lotuluka, namwino anapeza kachingwe m'chiuno mwa khandalo. Pakachingwepo panali kachitsulo kasiliva, kakang'ono ngati chikhadabo.

"Agogo, zithumwa timaletsatu kuno," anatero namwino. "Ndi mankhwala a chiyani amenewa?"

Mai Nasimango anamufunditsa mdzukulu wawo bwinobwino, n'kumunyamula.

"Amateteza kumadzi," anatero. "Mudzi wonse."